Fulu wa M'bafa

M'makomboni a anthu a njanji ku Livingstone, matenda akafika poti abale ayamba kuyankhulirana kuseri kwa nyumba, panali dzina limodzi lomwe linkatuluka pakamwa pa aliyense: a Njekwa. Sanali namwino, ndipo ukawatchula choncho ankakudzudzula. Anali mayi wa Chilozi wochokera ku Senanga, wamtali, wamapewa otambalala, amene anathera utsikana wawo akukolopa ndi kuchapa nsalu za odwala pa chipatala china cha mishoni. Kumeneko ndi kumene anaphunzira kutembenuza munthu wolefuka osamupweteka, kumusambitsa osamuchititsa manyazi, ndi kumulowetsa supuni ya phala pakamwa pamene iye walumbira kuti sadya.

Malamulo awo anali ochepa ndipo sankasintha. Wodwala asawombedwe mphepo. Asakhale padzuwa, poti dzuwa limaumitsa magazi. Afunde, ngakhale akudandaula kutentha. Adye phala la nsinjiro lothira mkaka, adzozedwe mafuta thupi lonse, ndipo asasiyidwe yekha. Ndi malamulo amenewa anadzutsa anthu ambiri: a malungo, a chibayo, azimayi ofooka atabereka, ngakhale kapitawo wina amene abale ake anali atayamba kale kufunsa za matabwa. Anthu ankati manja a Njekwa ndi ofunda. Iwo ankayankha kuti wochiritsa ndi Mulungu, koma ankayankha akuyang'ana manja awowo, ndipo aliyense ankaona kuti mbali yaikulu ya ulemuwo aisungira okha.

Amuna awo, a Munsaka, anali Mtonga wa ku Kalomo, munthu wa mawu ochepa, wa m'gulu lokonza njanji yopita ku Mulobezi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Moono, anali atakula n'kupita ku migodi. Chaka cha chilala chachikulu chija, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, a Munsaka anabwera tsiku lina kuchokera kuthengo atanyamula chipewa m'manja m'malo mochivala. M'chipewamo munali kafulu, amene ena amati kamba, kosaposa chikhatho cha munthu, ka mawanga akuda ndi achikasu.

"Manje ichi ni chani, batate bake Moono?" anafunsa a Njekwa. "Mwabwelesa ndiwo olo mulendo?"

"Nakapeza pakati pa njanji," anatero a Munsaka. "Utu tufulu tumangena pamene museu udula njanji, manje kuchoka tukangiwa, pochokela palibe. Kayenda chabe kusogolo, nsimbi ya njanji uku, nsimbi ya njanji uku, mpaka zuba yakapaya."

Kwa a Munsaka amenewa anali mawu a mlungu wathunthu, choncho nkhani inathera pomwepo. Kuseri kwa nyumba ya kampani kunali bwalo lalikulu la kapinga, ndi mtengo wa mabulosi pakona. Bamboyo anagoneka matabwa akale a njanji m'mbalimbali kuti kanyamako kasatuluke, anakwirira mbale yophwatalala kuti madzi akhale pafupi ndi pakamwa, anaunjika masamba ouma pansi pa mtengo, basi, n'kukasamba m'manja. Zina zonse fuluyo ankadzichitira yekha. M'mawa ankatuluka n'kukagona pa simenti ya pampopi, khosi ndi miyendo zili tambasu, kuwotha dzuwa ngati nkhalamba yopuma pantchito. Dzuwa likakula ankalowa mumthunzi. Ankadya udzu, chisoso, bonongwe, ndi masamba a maungu akawafikira. Ankakukuta mafupa akale otayidwa ndi agalu, ndi zigoba za nkhono. Tsiku lina a Njekwa anamupeza akudya chimbudzi cha galu chouma, choyera chija, ndipo anatsala pang'ono kusanza.

"Kanyama kanu kazafa na doti," anauza amuna awo. "Simukapasa vakudya, simukasambika, kagona panja monga kalibe bene."

"Musiyeni. Aziba vamene achita."

Chimene chinkawasautsa kwambiri chinali cha mwezi wa Juni. Mphepo yozizira ikayamba, fulu ankalowa m'masamba aja osatulukanso, osadya, osamwa. A Njekwa ankafuna kumufukula. A Munsaka ankangoti, "Agona. Azauka kukayamba kupya." Ndipo ankadzukadi, n'kuyamba kumweta udzu ngati palibe chachitika. A Njekwa ankaona kuti uku ndi kulekerera kwa amuna onse, amene amatola chinthu n'kuchisiyira Mulungu. Zoti fuluyo ankakula, chigoba chili gwa, iwo ankati ndi mwayi chabe.

Kenaka anafika matenda aja. Chakudza sichiimba ng'oma: anayamba ndi mmodzimmodzi, dalaivala wa malole odutsa pamlatho wa m'malire, kalaliki wa kuboma, mphunzitsi wa Sande sukulu, kenaka analowa khomo ndi khomo. Dzina lake lenileni anthu ankaliopa, ankangoti kaliwondewonde. A Njekwa ankaitanidwa kuposa kale. Ankapita, ankatseka mawindo, ankafunditsa, ankadyetsa phala, ankadzoza mafuta pa mafupa okutidwa ndi khungu lokha, ndipo wodwalayo ankamwalira. Wotsatira naye ankamwalira. Palibe chimene mayiyu ankalakwitsa, poti matendawo masiku amenewo analibe wowabweza, kaya kuchipatala kaya kwa sing'anga. Koma anthu olira safuna kumva zimenezo, amafuna nkhope yoti aikepo tsoka lawo. Kunong'ona kunayambira pamaliro, pakati pa azimayi ophika: ati m'nyumba mukalowa a Njekwa, tumani munthu kwa kalipentala. Lilime lilibe fupa. Pakamwa pomwe paja pankati manja awo ndi ofunda, tsopano pankati ndi olemera.

Zili choncho, a Munsaka anagwa pantchito, mbali imodzi ya thupi itafa. Awo sanali matenda aja, kunali kuthamanga kwa magazi, koma onong'ona sanafunse. A Njekwa anawasamala monga anali asanasamalirepo munthu wina aliyense, ndipo bamboyo anamwalira mvula isanathe, mutu uli pamiyendo pa akazi awo.

Abale a malemu anabwera kuchokera kumudzi ndi lole yobwereka. Anakweza mipando, wailesi, njinga, makatani, ndi makina osokera amene a Njekwa anagula okha. Mlamu wawo wina, pofufuza kuseri ngati kwatsala khasu, anapunthwa pa fulu. Anamunyamula, namuyeza kulemera m'manja. Panthawiyo anali atakula ngati mbale yodyera.

"Iyi ni ndiwo ya lelo," anatero mlamuyo.

A Njekwa, amene sanatsegule pakamwa pamene makina ankakwezedwa, anaimirira pamphasa ya umasiye n'kumulanda nyamayo m'manja. Anthu anaseka chamumtima: mkazi wasiya makina osokera, walimbira fulu.

Iwo anali ndi chifukwa chawo, ngakhale sanauze munthu. Aliyense amadziwa kuti fulu safa msanga. Amaika m'manda womutola, n'kudzaikanso ana a womutolayo. A Njekwa ankafuna chamoyo chimodzi chokha, chimodzi, choti chikhale m'manja mwawo n'kukhalabe ndi moyo, kuti podzuka m'mawa azidziwa kuti zonena anthu zija ndi bodza. Pansi pamtima anali atayamba kuzikhulupirira, ndipo zimenezo zinkawaopsa kuposa umasiye.

Nyumba ya kampani imatsata ntchito, sitsata mkazi wamasiye. Moono anawaitanira ku Kitwe, koma iwo anakana kukapanikizana ndi mpongozi m'kanyumba ka kumigodi. Anapeza chipinda chimodzi ku Dambwa North, mu Livingstone momwemo, chomangidwa mophatikiza kumbuyo kwa nyumba ya mayi wina wogulitsa zovala zakale pamsika, dzina lake Norah. Bwalo la a Norah linali losesedwa mpaka kuwala, lopanda ngakhale kaudzu kamodzi, poti kwa iwo udzu pakhomo unali ulesi woitana njoka. Munali agalu, munali ana a anthu ena ochita lendi, ndipo mpanda unali wa mabowo okhaokha. Tsiku loyamba lomwe, a Njekwa anamusiya fulu panja n'kulowa kukayala bedi. Potuluka anapeza ana akumugubuduza ngati mpira, galu akudikira mpata wake. Sanamusiyenso panja.

Pa katundu yense, abale aja anawasiyira bafa lachitsulo, chifukwa linali lodontha. Anayalamo bulangete lakale, naikamo fulu, nalikankhira pakona ya kuseri kwa chitseko kumene mphepo siifika. Chipindacho chinali ndi kawindo kamodzi koyang'ana khoma la oyandikana nawo, ndipo kanali kotchingidwa ndi chitenje. Pochoka ankasiya babu ikuyaka kuti mnzawoyo asakhale mumdima, poti kwa iwo kuwala kunali kuwala basi.

Apa mpamene fulu uja anadziwa kuti kusamalidwa n'chiyani. Za udzu ndi mafupa akudzala zinatha. M'mawa ankalandira phala la nsinjiro, masana buledi woviika mumkaka, madzulo tinsomba ta kapenta tokazinga ndi nyenyeswa za nsima, ndipo Lamulungu nthochi yakupsa. Fulu alibe nzeru zokana chokoma. Ankadya mpaka phala kumatirira pamlomo, a Njekwa n'kumupukuta ndi kansalu. Loweruka ankamusambitsa ndi sopo n'kumudzoza mafuta mpaka chigoba kunyezimira. Akamutulutsa m'bafa kuti awongole miyendo, ankayenda pa simenti yopaka polishi wofiira, mapazi akuterereka kumbali, ndipo a Njekwa anaseka koyamba chiikire amuna awo. Ankamuyankhula Chilozi, chimene m'bwalo lonselo panalibe wochiyankha. Akuluakulu adati kamba amanyerera womtola, ndipo mayiyu ankachapa bulangetelo tsiku ndi tsiku osadandaula. Anali atachapa zoposa apo.

Juni atafika, fulu anasiya kudya. Anabweza mutu m'chigoba, natseka maso, phala n'kuumira m'mbale. Mawu a amuna awo aja, oti agona, a Njekwa anawakumbukira bwinobwino, koma anawakankhira kumbali. Anali atawamva mawu omwewo m'nyumba zambiri, akuti wagona, musamudzutse, ndipo ankadziwa kumene tulo totero timathera. Anasonkha mbaula n'kuiika pafupi ndi bafa, anawonjeza bulangete lachiwiri, anamutsegula pakamwa ndi chogwirira cha supuni n'kumudonthezera mkaka wofunda. Kutenthako kunamunamiza fulu kuti chilimwe chafika. Anatulutsa mutu, nayamba kudya.

A Njekwa anagwada pa simenti n'kupemphera mokweza mawu. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, wodwala wawo anali atadzuka. Mlungu umenewo anapita kutchalitchi atavala duku latsopano, nayimba kuposa akwaya.

Chimwemwecho chinatha chaka, mwina kupitirira pang'ono. Zoipa zinabwera mwakachetechete. Chigoba chija, chomwe kale chinali chosalala, chinayamba kutumphuka timapiri timapiri, ndipo chakumbuyo chinaphwa ngati mphika wokhazikidwa usanaume. Miyendo yakumbuyo ankachita kuikoka. Maso anatupa, mlomo wam'mwamba unakula n'kupindika. A Njekwa anachita zimene ankadziwa: anawonjeza mkaka, anawonjeza nsinjiro, anamata ming'alu ya pawindo ndi mapepala kuti mphepo isalowe, nachepetsa kumutulutsa m'bafa kuti asatope. Fulu ankangofookera.

Nyengo yomweyo mwana wamkazi wa a Norah, Mapenzi, amene ankayala mabedi pa hotela ina ya kumathithi otchuka a ku Livingstone, anasiya kupita kuntchito. Anali mtsikana wansangala, woti akamachapa bwalo lonse limamva nyimbo. Nyimbozo zinaleka. Chipinda chake chinali khoma limodzi ndi cha a Njekwa, ndipo kudzera m'khomalo munayamba kumveka chifuwa. A Njekwa ankachidziwa chifuwa chimenecho monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake. Ankamva bedi likulira mtsikanayo akavutika kutembenuka, ankamva a Norah akumukokera mosadziwa, iye n'kubuula, ndipo manja a Njekwa ankanyerenyesa. Anadikira kuitanidwa, osaitanidwa.

Tsiku lina analephera kupirira. Anaphika phala, nalivundikira ndi mbale ina, nakagogoda kutsogolo.

"Bamake Mapenzi, namvela mwana akosola. Nabwelesako ka phala."

A Norah anaima pakhomo, thupi lonse litadzaza chitseko. Anali mayi waulemu, ndipo ulemuwo sanausiye. "Zikomo maningi, Ba Njekwa. Ni maleliya chabe, amwa mankwala. Manje agona."

"Ningamutembenuzeko chabe, asachite vilonda kumusana."

"Tizakuitanani tikafuna."

Mbaleyo anailandira ndi manja awiri. Madzulo ake a Njekwa, popita kukataya madzi, anapeza agalu akunyambita phala lija kuseri kwa chimbudzi. Analowa m'chipinda, nagwada pa bafa, namuuza fulu m'Chilozi kuti achire, achire kuti anthu aone.

Mu Okutobala, kutentha kwa ku Livingstone kuja koti ngakhale agalu amaleka kuuwa, kunabwera mlongo wa a Norah kudzazonda wodwala. Dzina lake linali Mwiinga, bambo wa imvi zapatalipatali, amene anakwatira kumudzi wa Mukuni n'kukhazikika komweko pa ntchito yosema. Anali atasema afulu amtengo osawerengeka ogulitsa kwa alendo odzaona mathithi, ndipo enieniwo ankakumana nawo m'thengo popita kukadula mitengo. Atatuluka kwa mwana wa mlongo wakeyo anakhala pamthunzi wa kumbuyo, nkhope itagwa. A Njekwa anali atatsegula chitseko kuti achotse bulangete m'bafa, ndipo maso a bamboyo anagwera m'katimo.

"Ba mayo, ni fulu uyo? Nimuoneko."

A Njekwa anazengereza, koma munali nthawi yaitali munthu asanawapemphe kanthu. Anamupereka. A Mwiinga anamutembenuza, nayang'ana maso otupawo, kenaka anadina ndi chala chachikulu chigoba cha kumimba. Chinalowa ngati liwombo la khanda.

"Amachoka liti panja?" anafunsa.

"Samachoka. Kuli bagalu na bana. Koma nimamusiyila malaiti, sankala mu mudima."

"Babu si zuba, ba mayo." Anayankhula motsitsa, monga munthu amene wangochoka kumene pa bedi la wodwala. "Aba banyama, chigoba chao chimakosa na zuba. Kuseni afunika aote, kukapya angene mu mutunzi yeka. Nanga akudya chani?"

A Njekwa anayamba kutchula, mawu ali m'mwamba, poti apa pokha ankadziwa kuti sanamane. Phala la nsinjiro, mkaka, buledi, kapenta. Pofika pa nthochi mawu anali atatsika, chifukwa bamboyo ankapukusa mutu pa chilichonse.

"Ivo ni vakudya va muntu. Uyu ni wa mauzu. Mauzu, masamba ya musanga, mabonzo yakudala, nkono. Mukaka na kapenta vimamuononga mukati. Nanga mu Juni, mumamusiya agone?"

A Njekwa anafunsa chimene chinali pamtima. "Azachila?"

"Muyeseni pa zuba. Koma sininganame, mwachedwa." A Mwiinga anamubweza m'manja mwawo mosamala. Anafuna kuwatonthoza, poti anaona nkhope yawo, ndipo kutonthozako n'kumene kunalasa. "Naona mwenze kumusunga na mutima umozi. Sembe munamusiya chabe."

Bamboyo atapita, a Njekwa anakhala pakhomo fulu ali pamiyendo, mawu oti akanangomusiya aja akuwalira m'makutu. Anaona m'maganizo bwalo la nyumba ya kampani lija, matabwa, mbale yokwiriridwa, masamba ounjikidwa pansi pa mabulosi. Chilichonse chimene iwo ankachitcha kulekerera chinali pamalo pake, ndipo munthu wa mawu ochepa uja anachiika dala. Manyazi anawagwira, pamodzi ndi mkwiyo. Anakwiyira a Munsaka chifukwa chonena zoona ndi mawu ochepa chonchija, osakangana nawo mpaka amve, ndipo anakwiyanso poona kuti womukwiyirayo sangayankhe.

M'mawa mwake anamutulutsa fulu uja. Anamuika pafupi ndi khoma loyang'ana kum'mawa, iwo nakhala pambali ndi ndodo yoingira agalu. Fulu anakhala nthawi osasuntha. Kenaka khosi linatuluka pang'onopang'ono, lowonda, lamakwinya, n'kutambasuka padothi, miyendo yakutsogolo nayo n'kutambasuka. Anali asanachitepo zimenezo chichokere kunyumba ya kampani. A Njekwa analira, koma kunali kulira kwa chiyembekezo.

Udzu ndiwo unavuta. Mu Okutobala dziko lonse la kumeneko limakhala phulusa ndi mchenga. Mayiyu ankayenda mtunda, padzuwa lomwe ankaletsa odwala awo lija, kufunafuna pamene paipi yamadzi yadontha n'kumeretsa kapinga, n'kubwera ndi kamtolo m'chitenje. Anasinja zigoba za mazira ndi za nkhono n'kuwaza pamwamba. Fulu ankaununkhiza udzuwo, ankaudziwa, ankatsegula pakamwa n'kuluma. Koma nsagwada nazo zinali zitafewa. Udzu unkangopulumuka pakamwa uli wathunthu. A Njekwa anauduladula ndi mpeni, naunyowetsa, namuikira palilime, ndipo wina ankameza, wina ankaubweza.

Choipa china chinali chakuti zimene zinabisika m'bafa tsopano zinali pabwalo. Aliyense wopita kumpopi ankadutsa pomwepo, n'kuona mayi wamasiye atakhala ndi ndodo, akulondera nyama yopindika chigoba yokoka miyendo. Ana anasiya kufuna kuiseweretsa. Azimayi ankapereka moni n'kufulumiza mapazi. Ndipo kuseri kwa khoma chifuwa chija chinkapitirira, chikucheperachepera mphamvu.

Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kuunjikana chakumadzulo, a Njekwa anadziuza kuti fulu akangofika pamvula, udzu wanthete ukamera pakhomo, apulumuka. Sanafike. M'mawa wina anamuika padzuwa, iye natambasula khosi monga mwa masiku onse. Dzuwa litakula sanalibweze. A Njekwa anamuyitana, anamukhudza phazi, kenaka anaona nyerere zikukwera kulunjika kumaso.

Anamukulunga m'chitenje, nabwereka khasu, nakamukwirira kuthengo kuseri kwa nyumba zomalizira. Pobwerera anadzera kumpopi kuti asambe m'manja. Azimayi otunga madzi anali atawafulatira, ndipo mmodzi ankati, "Olo fulu, mwandi. Fulu wamene samafa." Atawaona anasendeza zidebe kuti awapatse malo, malo aakulu kuposa ofunika munthu mmodzi. A Njekwa sanakwiye. Pa anthu onse aja amene anawafera m'manja, mtima wawo unkatha kunena kuti anachita zonse bwino. Pa uyu yekha sukanatha, ndipo chinawapweteka n'chakuti ulendo uno onong'onawo sankanama.

Mvula inagwa mlungu womwewo. Kaudzu kanayamba kumera m'mbali mwa khoma, ndipo panalibe wokazula, poti a Norah sankatulukanso ndi tsache. M'mawa wina, kutangocha, a Njekwa anamva kugogoda. Atatsegula anapeza a Norah, duku lili pambali, maso ofiira, manja atawapinda pachifuwa.

"Ba Njekwa, tifunako manja yanu."

Mtima wa a Njekwa unadumpha ngati wa mtsikana. Anaiwala phala lotayidwira agalu, anaiwala za kumpopi. Anatembenuka n'kuyamba kufufuza pashelefu, akuyankhula mofulumira. "Nabwela manje manje. Akudyako? Nili na nsinjilo pang'ono, tizayamba na tumasupuni tung'ono. Vilonda ngati vayamba musayope, niziba mochitila."

"Iyayi, Ba Njekwa." A Norah sanakweze maso. "Mapenzi asila, atisiya kuseni-seni. Sitinayambe kulila, tifuna ayambe asamba. Bwelani mumusambike chabe."

A Njekwa anaima ndi kathumba ka nsinjiro m'manja. Anakabweza pashelefu, natenga sopo ndi kansalu, natsatira a Norah kuzungulira nyumba. Anamusambitsa bwino Mapenzi, mwaulemu, akumutembenuza mosamala ngati angamve kupweteka, ndipo azimayi amene analipo anayamikira kuti ntchito yotere palibe wina woidziwa.

Mbiri imeneyo inafala msanga. A Njekwa anakhala ku Dambwa North zaka zina zambiri, ndipo ntchito sinawasowe, poti masiku amenewo maliro anali khomo ndi khomo. Ankaitanidwa mwaulemu, ankapatsidwa mpando ndi tiyi. Koma pakhomo pamene munthu akupumabe, sanaitanidweponso.